Chopanira cha Kawailesi

Pasukulu yonse ankawadziwa kuti Aphunzitsi a Belu, chifukwa cha kabelu kamkuwa kamene sikankachoka patebulo pawo. Anaphunzitsa kalasi yoyamba kuyambira tsitsi lili bii mpaka linachita mbuu, m'chipinda chomwecho cha mawindo awiri ndi bolodi long'aluka pakona. Iwo anakulira m'manja mwa aphunzitsi amene sankayamika mwana ali pomwepo, poopa kuti angayambe matama, ndipo nawonso anatengera zomwezo. Mwana akachita bwino, ankangogwedeza mutu. Akalakwa, kabelu kankalira, kalasi yonse n'kuzizira.

Khoma logawa chipinda chawo ndi chinzake silinkafika kudenga. Kwa zaka zambiri mpata umenewo unkawakomera, popeza phokoso linkachokera tsidya linalo ndipo makolo odutsa pakhonde ankamva okha kusiyana kwake. Zinthu zinatembenuka pamene ana a kalasi yoyamba anachuluka n'kugawidwa pawiri. Theka linalo linapatsidwa kwa mphunzitsi watsopano, mtsikana amene iwo omwe anamuphunzitsa kugwira pensulo akadali ndi mamina pamphuno.

Mtsikanayo anamanga chingwe kuchokera pachitseko kukafika pawindo, m'munsi moti mwana afikire, n'kupachikapo zopanira zovala zamtengo, chilichonse chili ndi kachithunzi kojambula mwini wake. M'mawa uliwonse mwana ankatchula chinthu chimodzi chimene ayesetse tsikulo. Wina ankati akweza dzanja asanayankhe, wina sakoka kolala ya mnzake, wina apempha asanatenge labala. Nthawi yopuma ndi poweruka, mwana ankapita yekha kuchingwe. Akaona kuti wakwanitsa, ankasunthira chopanira chake cha kuwindo. Zikamuvuta, ankachisiya pomwepo kapena kuchibweza. Ana sanachedwe kumupatsa dzina loti Madamu a Chingwe.

Aphunzitsi a Belu anafunsa anzawo pa nthawi ya tiyi ngati boma layamba kulemba ntchito ochapa zovala. Anzawo anaseka, koma pang'ono chabe. Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti kuseri kwa khoma kunalibe kukalipa. Ankamva ana akuseka, kenako bata, popanda belu kapena ndodo yomenya patebulo. Kangapo anadzipeza ataima choko chili m'manja, chiganizo chili chosamaliza pabolodi, khutu lili kukhoma. Madamuwo ankawapatsa moni mwaulemu m'mawa uliwonse ndi kunena pamaso pa anthu kuti zonse zimene akudziwa anazitenga kwa iwo. Mawu amenewo ankawayabwa ngati chitedze.

M'kalasi mwawo munali mdzukulu wawo, mwana wa mwana wawo wamkazi amene anali namwino. Kunyumba ankamutcha Kawailesi, chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa ankatseka tulo titamugwira. Chimwalirireni akazi awo, panalibe chimene ankachikonda kuposa ulendo wapansi wa kusukulu: iwo patsogolo, kamtsikanako pambali katanyamula ambulera yawo, kakuwafotokozera za galu wa pasitolo, za maloto ake, za munthu aliyense amene akumana naye. Panjira anali agogo. Akalowa pageti anali aphunzitsi, ndipo kabelu kankalirira iye kuposa mwana wina aliyense.

Tsiku lina namwinoyo, akusita yunifolomu yake, ananena mosawayang'ana kuti akuganiza zopempha kuti mwanayo asamukire kalasi inayo. Anati si kuti akuwanyoza, koma mwana akungobwera ali ndwii, ndipo anzake a kwa Madamu akusintha.

"Ndiye kuti ine amene ndinakuphunzitsa iwe ndi Madamu akowo, lero ndalephera kamwana kamodzi?"

"Ayi, bambo. Kungoti mwanayu akuopa kabelu kuposa jakisoni wanga."

Aphunzitsiwo anapempha kuti awapatse mpaka teremu ithe. Loweruka anapita kumsika n'kugula zopanira zapulasitiki zamitundumitundu, zowala kuposa zamtengo zija, ndi chingwe chatsopano. Anachikhomera ndi misomali, chowongoka ngati mzere wa rula, pamwamba polekeza dzanja lawo kuti ana asamaseweretse. Sanaone chifukwa chotayira nthawi kufunsa mwana aliyense cholinga chake, popeza iwo ankadziwa kale chimene aliyense akusowa. Analamula cholinga chimodzi cha kalasi yonse: kukhala chete. Zopanira ankasuntha okha.

Ana anayamba kukhala maso ali padzanja lawo. Akayang'ana, bata. Akatembenukira kubolodi, manong'onong'o, kutsinana, ndi kunenezana kuti uyu sayenera kusunthidwa. Chopanira cha Kawailesi chinali chofiira, ndipo chinakhala pafupi ndi chitseko osasuntha, chifukwa agogo ake ankaopa kuti anthu anganene kuti akukondera magazi awo.

M'mawa wina kamtsikanako kanatsimikiza mtima. Kanaluma kolala ya diresi kuti mawu asatuluke, n'kukhala choncho mpaka nthawi yopuma, kolala itanyowa chee. Aphunzitsi sanaone. Kuseri kwa khoma kunali mwana amene ankafotokoza chifukwa chake wabweza chopanira chake, ndipo iwo ankamvetsera kuti amve ngati Madamu amukalipire. Sanamukalipire.

Pobwera kuchokera ku tiyi, anapeza mdzukulu wawo ali chilili pamwamba pa desiki, chopanira chofiira chili pakati pa chingwe. Kabelu kanalira.

"Wakuuza ndani kuti ugwire chimenecho?"

"Palibe, aphunzitsi. Ndakhala chete kuyambira m'mawa."

"Woona ndine, osati iwe. Tsika."

Aphunzitsi anabweza chopaniracho kuchitseko. Tsiku limenelo anayenda ulendo wonse wa kunyumba popanda nkhani ya galu wa pasitolo. Ambulera anainyamula okha. Namwino ataona kolala yotafunidwayo anafunsa mwana, mwana anafotokoza, ndipo nkhani yodikira teremu inathera pomwepo.

Sabata yotsatira Kawailesi anasamukira kwa Madamu, ndipo aphunzitsi anamva mawu ake akudutsa pamwamba pa khoma, omveka bwino ngati ali m'chipinda chawo. Madamu anamufunsa chimene ayesetse. Iye anayamba kufotokoza za galu uja, kalasi n'kuseka, kenako anati ayesetsa kudikira kuti mnzake amalize kulankhula. Aphunzitsi a Belu analemba chilembo chimodzimodzi kawiri pabolodi.

Poweruka kamtsikanako kanawadikira pageti n'kulanda ambulera ngati kale. Wailesi inali itatsegukanso, koma siteshoni inali imodzi: Madamu akuti, Madamu anatero, Madamu ali ndi nsapato zobiriwira.

"Agogo, lero ndabweza chopanira changa."

"Akubwezera Madamu akowo?"

"Ayi, ndekha. Ndinamudula mnzanga pakamwa. Madamu sanaone n'komwe."

Agogo anapitiriza kuyenda. Mwana ameneyu anali asanavomerepo cholakwa pamaso pawo popanda kabelu kulira. Tsopano ankakapereka yekha zolakwa zake kwa munthu wa nsapato zobiriwira, ndipo ankabwerako akudumphadumpha. Anafuna kumufunsa ngati sangakonde kubwerera kukalasi kwawo, koma yankho ankalidziwa, choncho anangomuuza kuti asakokere ambulera pansi.

M'mawa mwake analawirira, anazula misomali ija n'kutsitsa chingwe mpaka m'chiuno mwawo. Anakhomanso pang'onopang'ono, atakulunga nyundo ndi dasitala kuti kuseri asamve. Ana atalowa, anawaitana mmodzimmodzi patebulo ndi kuwafunsa monong'ona chimene ayesetse tsikulo. Ambiri anangowayang'ana kukamwa kuli yasa. Wina anati ayesetsa kusakodzera kuseri kwa kalasi, ndipo iwo anangoitana wotsatira.

Nthawi yopuma ana anapita kuchingwe. Kamnyamata kena, kamene kanasokosa m'mawa wonse, kanakankhira chopanira chake mpaka pawindo. Dzanja la aphunzitsi linanyamuka lokha, koma analigwira n'kulilowetsa m'thumba la jekete. Chopanira chofiira chinali chikadali pachitseko, chopanda mwini.

Pakhonde Madamu anawapatsa moni, n'kunena kuti amva kukhoma misomali m'mawa. Iwo anayankha kuti ankakonza bolodi, ndipo anawonjezera kuti mwana uja amakonda kutafuna kolala, azimuyang'anira. Kenako anabwerera m'kalasi n'kukhala kumbali ya khoma, kumene mawu a Kawailesi ankamveka bwino.