Majakisoni a Anti Nangondo

Anti Nangondo ndimawakumbukira ndi mphuno: fungo la zipika zovunda ndi dothi lonyowa, losakanikirana ndi utsi wa makala wa mayi wina amene ankakazinga chapati pansi pa masitepe a fulati yathu ku Pangani, mumzinda wa Nairobi. Khomo la antiwo linayang'anizana ndi lathu. Anali Mmalawi mnzathu wa ku Mulanje, wamfupi, wa mawu aakulu ngati kondakitala wa matatu, maminibasi a kumeneko, ndipo ankagwira ntchito yofufuza tizilombo ku bungwe lina kunja kwa tauni. Pakhonde pawo, pamene anthu ena ankayanikapo zovala, iwo anandandalikapo mabotolo a ziwala, nkhululu ndi mphemvu, ndipo m'mawa uliwonse ankaziwaza madzi uku akuzikalipira m'Chichewa.

Ine ndinafika ku Nairobi ndili kamtsikana ka sitandade folo, amayi atapeza ntchito ku Upper Hill. Tsiku loyamba kusukulu ndinayankha funso, kalasi yonse n'kuseka kalankhulidwe kanga. Ndinatseka pakamwa, ndipo teremu yonse inatha ndisanatsegule. Aphunzitsi athu, Madamu Achieng, anaitanitsa amayi. Titafika kunyumba amayi anandiuza mosapita m'mbali kuti teremu yotsatira ikatha ndili duu, ndibwerera ku Zomba kukakhala ndi azakhali. Ndinachita mantha kwambiri. Bambo anali atamwalira kale, ndipo munthu amene ndinatsala naye anali amayiwo basi.

Anti anazimva, poti makoma a ku Pangani sasunga chinsinsi. Anagogoda n'kuuza amayi kuti, "Achemwali, mwanayu muzindibwereka akaweruka."

Sanandifunsepo chifukwa chimene ndinkakhalira chete. Ankangondipatsa ntchito: kutsuka mabotolo, kudulira ziwala ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma wiki, kunyowetsa masamba ouma. Tsiku lina anandionetsa chithunzi cha kachilombo kooneka ngati mbozi, ka timiyendo tambirimbiri tonenepa ndi tinyanga tiwiri kumutu.

"Aka sikapezeka ku Kenya kuno, ngakhale kwathu," anatero. "Ndinakaona ku South Africa ndili pasukulu, m'kati mwa zipika zovunda. Azungu amati velvet worm, poti khungu lake n'lofewa ngati veleveti. Liwiro kalibe, chigoba kalibe, koma nkhululu imakaopa."

Anandifotokozera atayimirira, manja ali m'masaya ngati timipope. Kachilomboka kamayenda pang'onopang'ono mumdima, kamakhudza nkhululu ndi tinyanga take mofatsa, kenako kamathira madzi onanda kuchokera m'timabowo tiwiri m'mbali mwa mutu. Madziwo amatuluka akuvina uku ndi uku n'kuyala ukonde pa nkhululu, ndipo ikamaphupha ndi pamene amalimba. Kakaluma n'kudya, kamadyanso ulimbo wake womwe kuti usapite pachabe.

"Ulimbo wa anyamata kwathu umadikira mbalame panthambi," anatero anti. "Uwu umachita kuilondola."

Ndinawapanikiza ndi mafunso mpaka anakhala pansi. "Iwe, pakamwa uli napo eti! Nanga kusukulu umapasiya m'matatu?"

Kumapeto kwa teremu yachiwiriyo kunali chionetsero cha sayansi, ndipo mwana aliyense ankayenera kubweretsa kanthu n'kukafotokoza pamaso pa kalasi ndi makolo. Anti anabweretsa majakisoni awiri aakulu opanda singano, n'kuwamangirira pa sokosi yakale yodzaza nsanza kuti ioneke ngati kachilombo kaja. Chinatsala chinali ulimbo. Ngati Amalawi enieni, tinayamba ndi therere. Tinaliphika, tinalisefa, tinathira mphemvu m'beseni, koma mphemvu inangotsetsereka n'kutuluka ikunyezimira, yosamba bwino.

"Therere ndi lotereza, si lomata. Digiri yanga yonseyi!" anatero anti akudzimenya pamphumi.

Tinayesa kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, ndipo kanagwira. Kakakhala kofunda kankatuluka bwino, kakazizira kankamata zala mpaka kukwiyitsa. Chimene sitinaganizire chinali chisanu cha Julaye ku Nairobi.

Tsikulo ndinadzaza majakisoni m'mawa, koma dzina langa linaitanidwa mochedwa. Ndinaima kutsogolo, amayi ndi anti ali kumbuyo kwa kalasi. Mawu anakana kutuluka. Ndinati bola ndingowaonetsa, n'kukanikiza majakisoni. Nawonso anakana, poti phala linali litauma kukamwa kwake. Madamu Achieng anawerama kuti aone chavuta n'chiyani, ine n'kukanikiza ndi mphamvu zanga zonse. Phala linaphulika mbali zonse ziwiri, ndendende mmene anti ananenera, n'kuwayala madamu pamagalasi, pachibwano ndi pajuzi yawo yofiira. Anayamba kupukuta ndi manja.

"Mayo ine! Madam, don't move!" ndinakuwa. "Ngoja, dikirani! Mukamalimbana nawo ndi pamene ukulimba!"

Kalasi inaphulika ndi phwete, koma ulendo uno sindinasiye. Ndinali ndi munthu woti ndimupulumutse, komanso ndinkadziwa chinthu chimene wina aliyense m'chipindamo sankachidziwa, kupatula mayi wamfupi amene ankaseka atagwira nthiti kumbuyoko. Ndinafotokoza za timabowo tiwiri, za nkhululu, za zipika zovunda, m'Chingelezi, Chiswahili ndi Chichewa mophatikiza, uku ndikumatula magalasi a madamu. Mnyamata wina anafunsa ngati kachilomboko kamadyadi guluu wake, ndipo ndinamuyankha ngati mwiniwake wa nkhalango. Madamu anangoti, "Endelea," kutanthauza kuti ndipitirize, phala likudontha pachibwano.

Amayi anapempha juzi ija kuti akaichape okha, ndipo anaichapa akuimba. Za ku Zomba sanazitchulenso.

Patapita zaka, anti atapuma pantchito, ndinawathandiza kulongedza katundu wobwerera naye ku Mulanje. Ndinali nditakula, ndipo ndinawathokoza chifukwa chondichitira chifundo nthawi ija. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Chifundo chanji? Iwe, ine ndinakhala pafulati pano zaka zambiri ndikulankhula Chichewa ndi mphemvu. Amayi ako ankafika atatopa. Ukanapita ku Zomba, ine ndikanatsala ndi ndani?"

Ndinalira pomwepo, katoni ili m'manja, chifukwa nthawi yonseyo ndinkaganiza kuti wosungulumwa pa masitepe aja ndinali ine ndekha.

Anti anamwalira kwawo, ndipo ndimawasowa kwambiri. Lero ndimagwira ntchito ku Westlands, ndipo anzanga amadandaula kuti pamisonkhano sindipatsa ena mpata. Sindipepesa. Koma kukabwera Mmalawi watsopano mu Nairobi muno, wophunzira kapena wantchito, wongoyankha ndi mutu, sindimufunsa ngati akusowa kanthu. Ndimamuuza kuti Loweruka abwere kwathu adzandithandize ntchito, chifukwa ineyo ndi amene ndikumufuna.