Usipa Wopanda Khadi

Kabokosi kaja kanali kabuluu, kolemera ngati njerwa yowotcha, ndipo kanali ndi mabatani atatu opotokola. Zilembo zake zinali zitafufutika, choncho amalume anamata pulasitala pansi pa batani lililonse n'kulembapo mawu awoawo ndi bolopeni: "kutalika", "kubwereza", "kuchuluka". Ankakatcha eko. Ukayankhula pa maikolofoni, mawu ako ankalowa m'kabokosimo n'kutuluka akutsatidwa ndi anzake pambuyo, ngati wafuula m'thanki yopanda madzi. Kanalowa m'nyumba mwathu ku Chipoka chaka chija cha referendamu, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Tinkakhala atatu: amayi, ine, ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Bambo anamwalira ndili wakhanda. Amayi ankagula usipa kwa asodzi, kuuyanika pathandala, n'kukaugulitsa kumsika. Amalume ankasenza katundu padoko, ndipo masiku opanda sitima ankakonza mawailesi a anthu pakhonde. Koma mtima wawo wonse unali pa kujambula nyimbo. Zinkawapweteka kuti kwaya ikafuna kaseti inkayenera kukwera basi mpaka ku Blantyre. "Kodi mawu a ku Chipoka sangalowe m'kaseti ali konkuno?" ankatero.

Atagulitsa njinga yawo, anapita ku Lilongwe katatu asanagule kanthu. Ulendo uliwonse ankabwerako chimanjamanja n'kukhala pansi pa mango kukangana ndi aphunzitsi. Aphunzitsiwa ndiwo ankandiphunzitsa kusukulu, ndiwonso ankatsogolera kwaya ya ana kutchalitchi kwathu. Anali munthu wowonda, wa mawu opyapyala, wodziwa gitala. Iwo ankati amalume agule kiyibodi yomwe inkaimba yokha ng'oma ukangodina batani. Amalume maso awo anali pa wailesi yakale ya makaseti awiri, yokhala ndi polowetsa maikolofoni, pamodzi ndi kabokosi ka eko kaja. Njinga imodzi sikanabweretsa zonsezo. "Kiyibodi imaimba koma sisunga," anatero amalume tsiku lomaliza. "Ine ndikufuna chosunga." Monga mmisiri anasankha bwino, lero ndimavomereza. Koma kiyibodiyo ikanatisiya pamtendere.

Inali nyengo ya mwera. Mphepo inkakankha malata tsiku lonse, mchenga unkalowa mpaka m'mano. Amalume anapachika mabulangeti ndi mphasa m'makoma a chipinda chawo kuti mkokomo wa nyanja usalowe m'tepi, ndipo maikolofoni anaiveka sokosi kuti mpweya wa pakamwa usamaphulike m'sipika. Magetsi ankachokera ku batire ya galimoto yomwe ankakatchajitsa kwa okonza mainjini a maboti. M'chipindamo munkanunkha sipiriti wotsukira wailesi, komanso usipa, poti fungo la usipa silinkasiya kanthu m'nyumba mwathu, ngakhale makope anga.

Woimba wawo ndinali ine. Akuluakulu analibe nthawi yobwereza nyimbo imodzi kakhumi, koma ine ndikaweruka kusukulu ndinkaima pa maikolofonipo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Tsiku loyamba amalume anapotokola batani la "kubwereza" mpaka kumapeto. Sipika inaimba mluzu woboola makutu, nkhuku zinabalalika pabwalo, amayi anathamangira m'nyumba poganiza kuti magetsi andigwira. Kuyambira pamenepo amalume ankapotokola pang'onopang'ono, khutu lili pasipika, lilime ataliluma. Anaphunziranso kusanjikiza mawu. Ankajambula gitala ya aphunzitsi pa kaseti yoyamba, n'kuiliza ine ndikuimba kuti zonse zilowe pa yachiwiri, kenako n'kubwereranso kuti ndidziyankhe ndekha ngati tili atsikana awiri. Ulendo uliwonse tepi inkawonjezera kaphokoso kakuti shiii, komwe tinkakatcha mvula. Ukasanjikiza katatu mvulayo inali yowaza chabe. Ukafika kachinayi, nyimbo inkamira.

Tsiku lina tinajambula batire itafooka osadziwa. Itatchajidwa, mawu anga anatuluka othamanga, ang'onoang'ono ngati a mbewa. Ine ndinaseka mpaka misozi, koma amalume sanaseke nane. Anatsegula wailesiyo kumbuyo, anapeza kabowo pa kainjini kozunguza tepi, n'kulowetsamo kachitsulo kosongoka. Anaganiza kuti ngati tepi yoyenda mwaulesi imachepetsa mawu, ndiye kuti kujambula tepi ikuthamanga kuyenera kuwakulitsa. Anandiuza kuti ndiimbenso. Atabweza kainjiniko pamalo pake n'kuliza, ndinamva mnyamata wamkulu akuimba nyimbo yanga, akupuma pomwe ndinapuma ine.

Masiku amenewo anthu ankayankhula motsitsa, ngakhale pachitsime. Zoti dziko likhale ndi zipani zambiri zinali pakamwa pa aliyense, koma munthu ankayamba wacheuka asanatchule nyali, chizindikiro cha ofuna kusinthako. Tinkamva kuti zokakamiza makhadi a chipani zatha, koma pachipata cha msika wathu anyamata a chipani ankaimabe. Tsiku lina amayi anaiwala khadi lawo m'nsalu yomwe anachapa. Anyamatawo anawabweza. Mnzawo wina anawalowetsera dengu la nsomba, iwo n'kukhala panja padzuwa mpaka masana. Atafika kunyumba anakhala pakhonde osamasula n'komwe duku, nati, "Usipa ulibe khadi koma walowa mumsika, mwini wake ndatsala pachipata."

Amalume anawatola mawu amenewo n'kupeka nyimbo. Anapempha aphunzitsi kuti aiimbe. "Ine ndine wa boma, achimwene," anatero aphunzitsi. "Gitala yokha ndikuimbirani, poti gitala ilibe dzina." Anaimba gitalayo n'kumapita. Atachoka, amalume anandiuza kuti nyimboyo ndiimbe ineyo. Anati akathamangitsa tepi n'kuthira eko, palibe amene adzadziwe kuti ndine, ngakhale amayi. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Ndinawakhululukira kalekale amalume anga, anali mnyamata woledzera ndi luso lomwe anali atangolitulukira kumene. Koma ndili ndi ana tsopano, ndipo sindikanalola munthu aliyense, ngakhale wachibale, kuchita zimenezo ndi mwana wanga.

Ndinaimba ndi mtima wonse. Amalume anakopera makaseti ochepa n'kupatsa mnzawo woyendetsa lole ya nsomba. Sipanathe milungu itatu nyimboyo inkamveka m'malo omwera mowa, m'malole, mpaka ku boma ku Salima. Anthu ankailiza motsitsa, n'kuzimitsa pakadutsa munthu wosamudziwa. Ndikamapita kusukulu ndinkamva amuna akuluakulu akung'ung'udza mawu anga posoka ukonde, ndipo ndinkafuna kuwafuulira kuti woimbayo ndine. Chinsinsicho chinkandiyabwa kuposa mphere.

Amayi anaimva nyimboyo kumsika. Anabwerera masana dengu likadali lodzaza, anapitirira mpaka m'chipinda cha amalume, n'kutseka chitseko ine ndili momwemo. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri. "Amene amameza malovu asananene kuti chipata ndinamubereka ndine," anatero. "Achimwene, mwamuika mwana wanga pakamwa pa ng'ona." Amalume anayamba kufotokoza za kainjini ndi eko. Amayi sanawamvere. Anatenga wailesiyo, kabokosi, maikolofoni ndi makaseti onse, anazikulunga m'nsalu, n'kuzikwirira pakati pa thumba la usipa wouma. Thumbalo analisoka ndi manja awo n'kuliika pansi pa ena pakhonde.

Patapita masiku awiri anyamata a chipani atatu anabwera dzuwa lili paliwombo. Aliyense ankadziwa kuti amalume anali ndi zida zojambulira. Amalume anati anazigulitsa kwa munthu wa ku Dedza chifukwa zinkangowononga batire. Anyamatawo anagwetsa mabulangeti, anatsegula mawailesi akufa a anthu, anagubuduza mphasa. Wina anatenga ndodo n'kuyamba kubaya matumba a usipa pakhonde. Ndikukumbukira phokoso la nsomba zouma zikuphwanyika, ndi amayi akumuuza mofatsa kuti akuwononga malonda. Anabaya awiri apamwamba n'kutopa. Kenako anawerama kwa ine. "Mwana iwe, amalume akowa amaimba?" Dzanja la amayi linali pakhosi panga kumbuyo, zikhadabo zikulowa. Ndinati saimba, mawu awo ali ngati a chule. Zinali zoona, ndipo anyamatawo anaseka n'kumapita.

Koma sanasiye kufufuza. Ankafuna mwamuna wa mawu opyapyala, amene amakoka mawu omaliza a mzere n'kuwakwezera m'mwamba. Apa m'pamene luso la amalume linalakwira munthu wosalakwa. Ine ndinaphunzira kuimba kwa aphunzitsi, ndipo ndinkakoka mawu ndendende monga iwo. Tepi itandikulitsa mawu, chimene chinatuluka chinali aphunzitsi enieni. Pamsika anthu anayamba kunong'onezana dzina lawo.

Anyamata a chipani aja anabwera kusukulu m'mawa tili pa masamu. Anali anayi, pamodzi ndi bambo wina wa jekete yemwe ananyamula wailesi. Anaiika patebulo la aphunzitsi n'kuiliza kalasi yonse ikumva. Sindinamvepo nyimbo yanga ikulira mokweza chomwecho, m'chipinda chachikulu cha simenti, eko ya amalume ikukumana ndi ya makoma. Inali yokoma. Bambo wa jekete anazimitsa n'kutifunsa, "Ana inu, mawu awa ndi a ndani?" Tonse tinali titakhala pansi, poti kalasi yathu inalibe madesiki. Sindidziwa mpaka lero ngati chinandidzutsa chinali mantha kapena kunyada. Ndinangozindikira bondo langa lachoka pasimenti, dzanja lili m'mwamba.

"Khala pansi iwe, sindinakuloze," anatero aphunzitsi, ndi mawu omwe ankakalipira nawo ochita phokoso. Ndinakhala. Kenako anatembenukira kwa alendowo. "Musavutitse ana. Ndine. Ndinaimba ndine, ndipo ndinakajambulira ku Lilongwe." Anaika choko patebulo, anasasa fumbi m'manja, anatiuza kuti timalize masamu a pabolodi, n'kutsogola okha kupita kugalimoto. Palibe amene anamaliza masamuwo. Tinangokhala mpaka belu, mwera ukumenyetsa chitseko.

Kunyumba amalume atamva anafuna kupita kukaulula. Amayi anaima pakhomo. "Mukakanena kuti munajambula ndinu, akakufunsani woimba. Mukatchula ndani?" Amalume anabwerera n'kukhala pamphasa. Masiku otsatira sanapite kudoko, sanakhudze wailesi ya munthu aliyense, ankangoyang'ana makoma opanda mabulangeti. Ine amayi anandiletsa kupita kusukulu, ankanditenga kuthandala kukatembenuza nsomba, ndipo galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ankandikankhira pansi pa thandalalo.

Aphunzitsi anabwerako patapita milungu iwiri, referendamu itayandikira. Mano awiri akutsogolo panalibe, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanzere sizinkapinda. Gitala sanaiimbenso. Chisankho chitachitika, nyali n'kupambana, nyimboyo inatuluka poyera. Inkalira pachipata chomwe chija cha msika, ndipo amayi ogulitsa nsomba ankavina madengu ali pamutu. Aphunzitsi akamadutsa anthu ankawaimirira, ena kuwagwira chanza ndi manja awiri, ana kuwathamangira akufuula kuti awo oimba za usipa. Iwo ankangomwetulira atatseka pakamwa. Sanatsutse ngakhale kamodzi. Ndinayembekezera kuti Lamulungu lina adzaimirira m'tchalitchi n'kunena zoona, koma Malamulungu ankangodutsa.

Chaka chisanathe anawasamutsira kusukulu ina kumtunda, cha ku Chitala. Tsiku lonyamuka anabwera kwathu kudzatsanzika. Amayi anawayalira mphasa yatsopano, anawagwadira, n'kuwapatsa dengu lonse la usipa wosankha. Amalume anakhala potero, mutu uli pansi, osatha kuwayang'ana pa dzanja lija. Ine ndinakana kutuluka m'nyumba. Amayi atandikoka kuti ndiwapatse moni, ndinaima chilili pamaso pawo, zomwe mwana sachita, n'kunena zimene ndinazisunga miyezi yonseyo.

"Munaba nyimbo yanga."

Aphunzitsi anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka mpata wa mano uja unaonekera. "Zoonadi, mwanawe, ndinaba," anatero. "Undikhululukire."

Ndinkadikira khofi la amayi, koma silinabwere. Nditacheuka ndinawaona ataphimba nkhope ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Ndinapita kukakhala pambali pawo n'kuwagwira mkono, ndipo mumtima mwanga munapepuka, poti ndinaganiza kuti nawonso akulirira nyimbo yanga yobedwa.