Mkulu wa Kwaya Wodana ndi MP3

Kuseri kwa nyumba yathu ku Mvera kumakhala mkulu wina amene anaphunzitsa kwaya zaka makumi atatu. Masiku ano amakhalira kusamutsa nyimbo za m'ma CD akale kuziika pa kompyuta asanawonongeke. Koma musayerekeze kuwatchulira MP3. Amati imeneyo imakonola nyimbo ngati chimanga, zokoma n'kupita ndi gaga. Iwo amasunga mu WAV basi, kasungidwe kosataya kalikonse m'nyimbo, ngakhale nyimbo zochepa zidzaze fulashi yonse.

Ine ndinkawaseka, chifukwa makutu angawa sasiyanitsa.

Tsiku lina kunabwera mayi Faines ndi CD ya kwaya imene malemu amuna awo ankaimbamo besi. Ankafuna nyimbozo zilowe mufoni.

"Takhalani pansi kaye, mayi," anatero mkuluyo akuwaveka mahedifoni. Anawatsegulira nyimbo imodzi kawiri, koyamba mu MP3, kenako mu WAV.

Mayi Faines anavula mahedifoni aja. "Mundiikire yachiwiriyi," anatero. "Ndawamva bambo akukoka mpweya asanayambe kuimba. Ndi mmene ankachitira."

Mkuluyo anangondiyang'ana kamodzi, n'kuyamba kupukuta CD ina ndi kansalu kawo. Kuyambira tsikulo sindiwasekanso.