Mzere wa Bolopeni Yofiira

Ndakatulo yanga imene ana asukulu amalakatula muno mu Chipata ili ndi mzere umodzi wokha wabwino, ndipo si wanga. Anaulemba ndi bolopeni yofiira aphunzitsi anga a kuyunivesite, omwe analinso mkonzi wa magazini yathu, atafufuta wanga.

Chaka chatha ndinakawaona ku Madzimoyo, kumene akukhala chipumireni pantchito. Maso awo anafooka, choncho ndinawawerengera ndakatuloyo tili pakhonde. Nditafika pamzerewo anakweza dzanja.

"Tabwerezani pamenepo." Ndinabwereza. "Ine ndakalamba ndikulemba, koma mzere wotere sindinaulembepo. Munautenga kuti, mwana wanga?"

Anali ataiwala. Ndinayang'ana nkhuku pabwalo, n'kunena kuti unangondibwerera ndili m'minibasi.

Potsanzikana anandipatsa thumba la nshawa, mtedza wa m'munda mwawo. Nalonso ndinalandira ndi manja awiri.