Ndowa ya Makaroni ya Achivindikiro

Bambo anga saopa njoka, saopa galu, ndipo mbala ina inathawa liwiro la mtondo wadooka atayitulukira ndi mpini wa tsache. Koma aonetseni kachilombo kamodzi kakuyenda mu mpunga, muona munthu wamkulu ali thukuta kamukamu. Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'nyumba yaikulu yosungiramo zakudya, zija mumakhala matumba osanjikizana mpaka kudenga, ndipo ntchito yawo inali yopha anankafumbwe. Ankafunditsa mulu wa matumba ndi lona, n'kuikamo mankhwala, n'kutsindira m'mbali monse kuti mpweya usatuluke. Akaphonya pang'ono, mulu wonse unkafumbwa ndipo wokalipidwa anali iwo. Atapuma ntchito, mantha amenewo anabwera nawo kunyumba pamodzi ndi ovololo yawo yakale.

Tili ana tinawapatsa dzina loti Achivindikiro. Sangadutse m'khitchini osavindikira kanthu. Shuga, mchere, ngakhale kapu ya madzi imene ukumwa, ukangocheuka upeza aikapo kambale. Malemu mayi ankati tsiku lina adzadzuka atavindikiridwa ndi beseni. Dzinalo bambo ankalidziwa ndipo sankakwiya nalo, ankangoti amene akuseka sanaonepo thumba la chakudya litasanduka fumbi.

Mayi atamwalira ndinawatenga kuti azikhala nafe. Ine ndine telala, ndimasoka pa kashopu ka kumsewu. Mwamuna wanga amayendetsa lole ndipo amatha masabata osaoneka. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi wazaka zinayi, amene tonse timamutchula kuti Wayilesi chifukwa akadzuka m'mawa salekeza kulongolola mpaka tulo timugwire. Masana ankatsala ndi agogo akewo. Iwo ankamuti akazi anga, iye n'kumawalamula ngati amuna akedi, ndipo akadya ankakagona pabedi lawo. Chipinda cha bambo ndi chaching'ono, cha zenera limodzi, ndipo zeneralo sankatsegula, ati kumalowera njenjete.

Ulendo wina mwamuna wanga anabwera ndi katoni ya makaroni ndi supageti. Mapaketi ena anang'ambika potsitsa katundu, mwini wake n'kungowagawira oyendetsa. Wayilesi anavina, poti makaroni ndiye moyo wake, amawatcha timapaipi. Inenso ndinakondwa. Amene sanakondwe ndi bambo. Anatulutsa mapaketi onse n'kumawayang'ana limodzilimodzi padzuwa, ndipo m'paketi lina anapezamo tizilombo tingapo. Ndinati paketi limenelo titaye, otsalawo tiike m'mabotolo otseka bwino, pamalo ouma, nkhani yatha. Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana. Anati ukaona mmodzi, abale ake ali m'timabowomo, ndipo amene anaumba makaroni anawamangira anankafumbwe nyumba zaulere. Ndinali ndi mayunifomu ondidikira kushopu, choncho ndinawasiya ndi tizilombo tawo.

Anatsuka ndowa yakale ya penti, n'kukhuthuliramo makaroni onse, n'kuilowetsa kunsi kwa bedi lawo, ati kukhitchini kuli chinyontho. Zimenezo ndinaziona. Chimene sindinaone n'chakuti anapita kwa mnzawo wina wa kuntchito kuja n'kubwerako ndi piritsi limodzi la mankhwala aja ankaika pansi pa lona. Si mankhwala ogwiritsa ntchito m'nyumba yogona anthu. Likamva chinyontho limatulutsa mpweya wakupha chilichonse chopuma. Analikulunga m'kansalu n'kuliika pamwamba pa makaroni, n'kuvindikira. Chivindikirocho chinali ndi mng'alu pafupi ndi chogwirira, ndipo pamwamba pa ndowayo ndi pamene mwana wanga ankagona masana.

Tsiku lotsatira mvula inayamba m'mawa osakata. Magetsi anazima kushopu, ndiye ndinatseka dzuwa likadalipo n'kubwerera kunyumba. Ndikutsegula geti ndinadabwa kuti kuli zii. Masiku onse mawu a Wayilesi ndimawamvera kumsewu. Bambo ndinawapeza pabalaza atagwira mutu, akuti ukuwawawa kuyambira m'mawa. Anati mwana wasanza chakudya cha masana, mwina ndi mphepo, ndiye amugoneka kuchipinda n'kumutsekera chitseko kuti asazizidwe.

Amati tsoka silinunkha, koma lathu linkanunkha adyo wosakaniza ndi nsomba yowola. Fungolo linandimenya ndikungotsegula chitseko. Mwana anali chagada, masanzi ali patsaya, akupuma mofulumira ngati kamwana ka nkhuku. Milomo yake inali itada. Ndinamugwedeza, maso n'kutsegula theka.

"Amayi, pamtima pakuotcha," anatero, mawu ake osamveka n'komwe.

Sindikumbuka kuti ndinamunyamula bwanji, ndimangokumbuka ndili pamvula ndikumenya geti la aneba athu amakanika, amene mwamwayi anali ndi galimoto ya kasitomala pabwalo. Sanafunse zambiri. Bambo anatitsatira atavala nsapato phazi limodzi, linalo lili pansi.

M'galimoto ndinkamuitana mwana mosalekeza, ndikumutsina pamkono kuti asagone. Mutu wake unkangogwera uku ndi uku. Msewu unali utadzaza, magalimoto akuyenda ngati aperekeza maliro, ndipo nditangoganiza mawu amenewo ndinamufungatira mwana mwamphamvu. Ndinawafunsa bambo chimene mwana wadya. Anati mpunga ndi nyemba, zomwe adyanso iwo. Ndinawafunsa ngati wamwa mankhwala awo a miyendo, kapena palafini. Anakana zonse. Kenako ndinawafunsa za fungo lija.

"Fungo lanji?" anandifunsa.

Nditawafotokozera, nkhope yawo inasintha ndikuona. Anawauza amakanika kuti atsitse magalasi onse, mvula ilowe ngati ikufuna. Anatenga dzanja la mwana n'kuliyang'anitsitsa zikhadabo, n'kulibwezera pachifuwa panga pang'onopang'ono.

Kuchipatala anamulandira msanga. Adokotala anali mayi wachitsikana, wosataya nthawi. Anandifunsa chimene mwana wamwa kapena wadya, ati popanda kudziwa zimenezo azingoyenda mumdima. Bambo anali ataima pakhomo, madzi akudontha m'buluku. Anavula chipewa n'kulowa, n'kutchula dzina la piritsi lija, malo amene analiika, ndi nthawi imene mwana wakhala m'chipindamo chitseko chili chotseka. Anafotokoza bwinobwino ngati akupereka lipoti kwa kapitawo.

Apo m'pamene ndinamva koyamba za piritsilo. Ndinawafunsa adokotala kuti amubaya jakisoni wanji woti achotse poizoniyo. Adokotala asanayankhe ndinaona bambo akuweramitsa mutu, ndipo ndinadziwa kuti yankho akulidziwa kale. Anandiuza kuti mankhwala otsitsa poizoni ameneyo palibe. Amuthandiza kupuma, amuika diripi, aziyang'anira mtima wake, kwinako n'kudikira. Anati nthawi zina mwana amaoneka ngati wapeza bwino, kenako mtima n'kufooka mwadzidzidzi, choncho ndisafulumire kukondwa. Analamulanso kuti m'nyumba mwathu musalowe munthu, ndipo amakanika anathamanga kukatseka geti n'kuchenjeza anthu a pafupi. Bambo nawo anafunika kuwapima. Anakana, mpaka anamwino anawakalipira ngati mwana wa sukulu.

Atawapima anabwera kudzakhala pabenchi pamene ndinali, chakumapeto, pakati pathu patatsala malo a anthu awiri. Sindinawalalatirepo bambo anga chibadwire, koma tsiku limenelo ndinawafunsa maso ali gwa kuti munthu amene wagwira mankhwalawo mpaka imvi analephera bwanji kumva fungo lodzaza chipinda chonse.

"Mphuno zanga zinafa kalekale, mayi," anatero. "Sindimva fungo la chilichonse. Ndinabisa kuti angandichotse ntchito. Ngakhale amako anapita osadziwa."

Anati kuntchito ankayang'ana nkhope za anzawo, wina akakwinya mphuno iwonso n'kukwinya. Anati ndowa ija anaikhulupirira chifukwa anaivindikira okha, ndipo mng'aluwo sanauone. Kenako anayamba kunena za mlonda wina amene anabisala mvula m'mbali mwa lona, tulo n'kumugwira, ndi mmene anamupezera. Ndinawauza kuti akhale chete. Ndinatero mokweza, anthu a pamzere n'kucheuka. Anakhaladi chete, ndipo ine ndinatsala ndi mlonda uja m'mutu.

Mwamuna wanga ndinamuimbira ali kutali ndi katundu wa eni ake. Mawu amene ananena sindingawalembe pano. Anamaliza n'kuti akamafika asawapeze akuluwo pakhomo pake. Sindinawaikire kumbuyo.

Masiku otsatirawo ndinawathera pampando wa m'mbali mwa bedi, maso ali pa kamakina kosonyeza kugunda kwa mtima. Kakalira mosiyana pang'ono, ndinkadzuka n'kuitana anamwino. Ndinkaopa kupita kuchimbudzi, ndinkaopa kuphethira. Anamwino akamanong'onezana pakona ndinkati basi akukambirana za mmene andiuzire. Mwana anali ndi kapaipi kumphuno, manja atatupa ndi diripi, ndipo thupi lake linkaoneka laling'ono kwambiri pabedi la akulu lija. Nthawi ina mtima wake unayamba kudumphadumpha, anthu ovala zoyera n'kudzaza, ine n'kunditulutsa. Pakhonde ndinawapeza bambo ataima pazenera la wodiyo. Sankalowa, ngakhale anamwino anawauza kuti akhoza. Chakudya chimene alamu anga ankabweretsa ankachilandira, n'kuchivindikira bwinobwino, osadya.

M'mawa wina ndikuwodzera ndinamva kamawu kakufunsa chifukwa chake nsapato za anamwino zimalira akamayenda. Ndisanayankhe kanafunsanso kuti ndani wamumata pulasitala, ndiponso ngati kuno amaphika. Ndinalira mpaka mamina. Adokotala anatisungabe masiku ena angapo, kenako anati choopsa chadutsa.

Ndowa ija anadzaitenga anthu a zaumoyo atavala zophimba kumaso, makaroni ndi zonse. Nyumba inakhala yotsegula mazenera kwa masiku, matiresi a bambo tinataya. Makaroni ndimagulabe, poti Wayilesi sanasiye kuwafuna, koma paketi limodzi basi, n'kuthira m'botolo lagalasi pashelefu pamene maso anga amafika. Mwamuna wanga atabwera anapeza bambo atalongedza kale chikwama, atakhala pakhonde, akudikira kuti awauze kopita. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kulowa m'nyumba. Pambuyo pake anandiuza kuti n'kovuta kuthamangitsa munthu amene wadzithamangitsa kale yekha. Chikwamacho ndinachilowetsa ndine, koma sindinganame kuti mkwiyo unali utatha.

Masana a tsiku limenelo Wayilesi atadya ananyamuka monga mwa masiku onse, ulendo wa kuchipinda kwa agogo ake. Bambo anamutsekereza pakhomo ndi mkono. Mwana anakwiya, n'kuwauza kuti akapitiriza mwano awasiya ukwati. Iwo sanaseke. Anandiitana kukhitchini ndi mawu otsika.

"Mayi, tabwera undinunkhizire muno."

Ndinapukuta m'manja n'kulowa. Zenera linali lotsegula mpaka kumapeto. Ndinanunkhiza pakati pa chipinda, ndinanunkhiza kuseri kwa chitseko, kenako ndinagwada n'kulowetsa mutu kunsi kwa bedi. Munali fungo la sopo ndi nsapato zakale. Ndinawauza kuti mulibe kanthu.

"Wanunkhiza bwino?" anafunsa.

Ndinagwadanso. Nditadzuka kachiwiri m'pamene anatsitsa mkono, mwana n'kudutsa akung'ung'udza. Iwo sanalowe. Anakoka kampando n'kukhala pakhomo, maso ali pachifuwa cha mwanayo, mpaka anadzuka.

Mpaka lero amandiitana. Ndikakhala kushopu, Wayilesi amagona pamkeka pabalaza kufikira nditabwera. Masiku ena ndimafika nditatopa, msana ukuwawa, ndipo ndimafuna kuwauza kuti zakwana, nkhani ija inatha. Koma ndikawaona ataima pakhomo paja, munthu wamkulu akudikira mphuno za mwana wake, ndimaika chikwama pansi n'kugwada.