Tsache la Mlamu Wanga Linasesa Umboni

Lamlungu lapitali, pobwera ku Misa, ndinapeza loko wa kachipinda kanga kosungiramo katundu atathyoledwa. Thumba la feteleza wobereketsa linali litapita, chimanga chili m'mawondo.

Kwathu kuno ku Dzoole tsoka silikhala la munthu mmodzi. Posakhalitsa pabwalo panadzaza. Abambo ankalandirana loko uja, aliyense kumutembenuza n'kupukusa mutu. Wina anaimbira apolisi.

Apa mlamu wanga Nabanda, mng'ono wa malemu mayi a kunyumba, anayang'ana pansi n'kugwira pakamwa. Chimwalirireni mkulu wake, bwalo langa ndimasesa ndikakumbukira.

"Alamu, alendo a boma apeze zinyalala zonsezi? Akatinena kuti chiyani?"

Anasesa bwalo lonse, mpaka kuwazapo madzi.

Tsache likugwira ntchito, malilime nawo sanagone. Dzina linali litapezeka kale: Chikuse, tenanti wa fodya wochokera ku Ntchisi. Chifukwa chake? Sanaoneke kutchalitchi. Bwana wake ananena poyera kuti zikatsimikizika amuthamangitsa ndi ana omwe, fodya asanathyole. Chikuse anangoima pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili kumanja.

Wapolisi amene anabwera anali mayi wanthabwala. Anayang'ana bwalo lija.

"Wasesa bwino chonchi ndani?"

"Ndine," anatero Nabanda monyadira.

"Mayi, wakuba uja akanamva akanakugulirani chitenje. Nanga lokoyu mwamugwira angati?"

Tinayang'anizana. Ngakhale akatekisiti anabisa manja kumbuyo.

Mayiyo anatiphunzitsa phunziro loyamba la sayansi yofufuza milandu: munthu akafika pamalo amasiyapo kanthu, ndipo amatengapo kanthu. Amasiya phazi, ulusi wa malaya, chidindo cha chala. Amatenga dothi kunsapato. Mizere ya kunsonga kwa zala zathu sifanana, ngakhale ya mapasa. Ineyo pamenepa ndimangoona luso la Mlengi.

Nzeruyi si yalero. Kalekale ku China munthu anaphedwa ndi chikwakwa. Wofufuza anauza alimi onse kuti ayale zikwakwa zawo padzuwa. Zonse zinkaoneka zoyera, koma ntchentche zinaunjikana pa chimodzi, zitanunkhiza magazi amene maso sankaona. Pambuyo pake kunabwera zidindo za zala, ndipo lero tsitsi limodzi kapena malovu zimatha kuloza mwini wake.

Nanga ife? Timaponda pamalo chifukwa cha chifundo, timasesa chifukwa cha ulemu. Umboni ukatha, timatsala ndi chiyani? Mphekesera. Ndipo mphekesera imakonda kugwera mlendo wopanda abale.

Mwamwayi, Nabanda anatopa asanafike kuseri kwa nyumba. Kumeneko, pa dothi lonyowa, panali mzere wa matayala a njinga, wakumbuyo utazama ndi katundu. M'mbali mwake munali timibulu toyera ta feteleza, kusonyeza kuti thumba linabooka. Wapolisi anajambula zonse ndi foni, ife atatiimika patali ngati ana a sukulu. Kenako tinalondola. Timibulu tija tinakwera chitunda mpaka kumsewu waukulu. Kwa Chikuse n'kumunsi, kudambo, ndipo njinga alibe.

"Izi sizikunditchulira wakuba," anatero wapolisi, "koma sizikuloza bambo awa."

Bwana uja anatsokomola, n'kufunsa Chikuse ngati mwana wake wodwala wapezako bwino. Kani munthuyo anajomba Misa chifukwa chodwazika! Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Feteleza sanapezeke mpaka lero. Akhristu anzanga a mumphakati andigawira wawo pang'onopang'ono, ndipo chimanga changa sichikudandaula. Chikuse akupalira fodya wake.

Dzulo Nabanda anabweranso ndi tsache. Anaima pachipata n'kufuula: "Alamu, sanakubereninso? Ndisese?"

Ndinamuuza kuti asese, ayambire kuseri. Koma inu awerengi, tsache la Nabanda likanafika kuseriko Lamlungu lija, lero ana a Chikuse akanagona kuti?