A Shimanuki ndi Sitima ya M'mawa

Siteshoni ya Ushirodani ilibe wantchito. Kampani ya njanji inachotsapo wogulitsa matikiti kalekale, n'kusiya benchi ndi kadenga ka malata. A Shimanuki, mlimi wa mpunga wa kutsidya kwa njanji, ndi amene anaitenga ngati khonde la kwawo. Chimwalirireni akazi awo, nyengo yozizira ikafika ankalawirira ndi fosholo kukachotsa chipale, madzi oundana aja ogwa kumwamba ngati ufa, kuti ana asukulu asaterereke. Palibe anawatuma.

Anali munthu wosafuna kuvutitsa mnzake, ndipo khalidweli analifikitsa pokwiyitsa. Mwana wawo wa kumzinda wa Sendai akaimba foni, yankho linali lomwelo: ndili bwino, usataye nthawi yako.

M'mawa wina anadzuka pamtima pakuwathina, dzanja lamanzere litachita dzanzi. Foni inali pompo. Koma ambulansi imabwera ikulira, mudzi wonse n'kusuzumira pawindo, ukachira uziyenda khomo ndi khomo kupepesa za phokoso. Anavala jekete lawo labwino, nati akafika okha kuchipatala cha m'tauni pa sitima. Pofika pabenchi paja thukuta linali kamukamu, kunja kukuzizira chonchija.

Sitima ya bogi imodzi inafika itachedwa kale, itanyamula ana asukulu. Kanno, dalaivala wake, anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, lero ndiye mwatchenatu. Mwapeza mbeta kutauni?"

"Mbeta yake iti yofuna nkhalamba yopanda mano?"

"Nanga fosholo? Mwapuma pantchito osatiuza?"

"Mawa."

"Ngati mukukwera bwerani msanga. Sitima yaikulu siitidikira kutsogoloku, ndipo anawa ali ndi mayeso."

A Shimanuki anayesa kudzuka, miyendo inakana. Chitseko sichinali patali, koma pakati panali chipale chofika m'mawondo chimene lero sanachotse. Kuti akwere, Kanno akanayenera kutsika kudzawanyamula, ana a eni ake akuyang'ana mawotchi. Mantha anali nawo, mantha enieni a imfa. Kungonena kuti "ndithandizeni" kukanakwanira. Koma paja amati manyazi anapha lambe, ndipo iwo anali asanachedwetsepo sitima chibadwire.

"Pita mwanawe. Ndikudikira mlendo."

"Musakhalitse, mungaume," anatero Kanno akuseka, chitseko n'kutsekeka.

A Shimanuki anaiyang'ana sitimayo mpaka inakhota kuseri kwa phiri. Anaganiza zobwerera kunyumba kukaimba foni ija, nati ayambe apumako pang'ono. Chipale chinayambanso kugwa.

Sitima yotsatira inabwera masana, yopanda wotsika. Dalaivala wake anaona a Shimanuki ali khale pabenchi, manja ali pamawondo, mutu uli chowerama. Posadziwa kuti anali atatsirizika kale, anaganiza kuti akumupatsa moni wowerama monga mwa mwambo wa kumeneko. Nayenso anawerama mwaulemu, n'kunyamuka pa nthawi yake.